Zikho Zinayi za Tenesi mu 2025: Kodi Mzere Ndi Umodzi kwa Aliyense?

Lamulungu pa 8 Juni 2025, mu mzinda wa Paris ku France, anyamata awiri adamenyerana kampira kachikasu kwa maola asanu ndi mphindi 29 pamaso pa khamu la anthu. Mmodzi adali Jannik Sinner wa ku Italy, wa zaka 23, ndipo mnzakeyo adali Carlos Alcaraz wa ku Spain, wa zaka 22. Atasewera maola oposa atatu, Sinner adatsala ndi pointi imodzi yokha kuti anyamule chikho, ndipo mwayi umenewu adaupeza katatu motsatizana. Katatu konseko Alcaraz adapulumuka, kenaka zinthu zidatembenuka mpaka wopambana adakhala iyeyo. Chiyambire mpikisano wa ku Paris, masewero a ndime yomaliza adali asanatalikepo chotere.

Awerengi athu a ku Angónia, Tsangano, Macanga ndi Chifunde mwina afunsa kuti, "Nanga tsamba lathuli layamba liti kukamba za tenesi, masewero amene ambiri a ife sitidawaonepo ndi maso?" Funsoli ndi loyenera. Kuno kwathu mwana amakula ndi mpira wa miyendo womanga ndi majumbo, akuluakulu amacheza pa bawo, ndipo bwalo la tenesi ambiri timangolionera pa kanema tikapita ku Ulongué kapena ku Tete. Komabe chaka cha 2025 chidabweretsa nkhani imene munthu aliyense wa kumudzi angathe kuimva, chifukwa ndi nkhani ya malire ndi ya milandu. M'bwalo la tenesi mzere ndi umodzi kwa onse: mpira ukagwera kunja wagwera kunja, kaya waumenya ndi mwana wa mfumu kaya ndi mwana wa mlimi. Koma kunja kwa bwalo, kumene amagamula za yemwe alowe ndi yemwe atsekeredwe, muyeso wake sukhala umodzi nthawi zonse.

Mmene masewerowa amayendera

Tenesi amasewera anthu awiri, wina mbali iyi wina mbali iyo ya ukonde, aliyense atanyamula chomenyera cha zingwe chotchedwa rakete. Nthawi zina amasewera awiriawiri. Cholinga ndi kumenya mpira kuti udumphe ukonde ndi kugwera m'kati mwa mizere ya mbali ya mnzako, pamalo poti iye alephere kuubweza. Mapointi akaunjikana amapanga gemu, ndipo amene wayamba kupata magemu asanu ndi limodzi atamsiya mnzake ndi awiri, watenga chigawo chimodzi chotchedwa seti. Akalingana 6-6 amasewera kagawo kapadera kowalekanitsa, ndiye chifukwa chake muona manambala onga 7-6 m'nkhani ino. Pa mipikisano ikuluikulu amuna amayenera kutenga maseti atatu mwa asanu, pamene amayi amayenera kutenga awiri mwa atatu.

Mipikisano ikuluikuluyo ilipo inayi pachaka. Woyamba umachitikira ku Melbourne m'dziko la Australia mwezi wa Januwale, pa bwalo lolimba. Wachiwiri ndi Roland Garros wa ku Paris, kumapeto kwa Meyi ndi kumayambiriro kwa Juni, pa dothi lofiira la njerwa zopera, pomwe mpira umachedwa ndipo pamafunika munthu wopirira. Wachitatu ndi Wimbledon wa ku London, umene udayamba mu 1877 ndipo umaseweredwa pa kapinga wometedwa bwino, pomwe mpira umatsetsereka mofulumira. Wotsiriza ndi US Open wa ku New York, kumapeto kwa Ogasiti ndi kumayambiriro kwa Sepitembala. Pa mpikisano uliwonse pamalowa amuna 128 ndi amayi 128. Ukagonja kamodzi basi wabwerera kwanu, choncho wofuna chikho ayenera kugonjetsa anthu asanu ndi awiri motsatizana m'masabata awiri.

Anyamata awiri adagawana zonse

Kwa zaka pafupifupi 20 zikho za amuna zinkazungulira m'manja mwa anthu atatu: Roger Federer wa ku Switzerland amene adatenga 20, Rafael Nadal wa ku Spain amene adatenga 22, ndi Novak Djokovic wa ku Serbia amene pofika mu 2023 adali atatenga 24. Federer adapuma mu 2022, Nadal mu Novembala 2024. Ambiri ankayembekeza kuti akuluakuluwa akachoka, enanso ambiri adzalawako. Sizidatero ayi. Mu 2024 ndi 2025 zikho zonse zisanu ndi zitatu zidapita kwa anthu awiri okha, Sinner zinayi, Alcaraz zinayi.

Chaka cha 2025 chidayenda motere. Ku Melbourne, Sinner adagonjetsa Alexander Zverev wa ku Germany 6-3, 7-6, 6-3. Ku Paris adagonja kwa Alcaraz monga tafotokozera poyamba paja, ngakhale kuti maseti awiri oyamba adatenga ndiye. Patangopita masabata asanu awiriwa adakumananso ku Wimbledon, ndipo Sinner adabwezera 4-6, 6-4, 6-4, 6-4, nakhala munthu woyamba wa ku Italy kutenga chikho cha masewero a mmodzimmodzi pa mpikisano umenewu. Ku New York adakumana kachitatu, Alcaraz adapambana 6-2, 3-6, 6-1, 6-4 ndi kulanda mpando woyamba pa mndandanda wa akatswiri a padziko lonse. Kuyambira mu 1968, pamene osewera olipidwa adaloledwa kulowa mipikisanoyi, zidali zisanachitikepo kuti amuna awiri omwewo akumane mu ndime yomaliza katatu m'chaka chimodzi. Mu Novembala, pa mpikisano wa akatswiri asanu ndi atatu ku Turin, adakumananso ndipo adapambana ndi Sinner.

Nanga mkulu uja Djokovic? Iye, amene adakwanitsa zaka 38 m'chaka chomwecho, adafika mu ndime ya anayi otsiriza pa mipikisano yonse inayi, koma sadapitirire pamenepo. Ku Melbourne adasiyira panjira chifukwa cha mwendo, ku Paris ndi ku London adagonja kwa Sinner, ku New York kwa Alcaraz. Mu Meyi, ku Geneva, adatenga chikho chake cha nambala 100 tikawerenga mipikisano yonse, ikuluikulu ndi ing'onoing'ono.

Mbiri ya Sinner ingakondweretse anthu a m'malire ngati ife. Iye adakulira ku Sexten, mudzi wa m'mapiri kumpoto kwa Italy, pafupi ndi malire a Austria, kumene anthu amalankhula Chijeremani kunyumba ngakhale kuti chiyankhulo chachikulu cha dziko lao ndi Chitaliyana. Bambo ake ankaphika ndipo mayi ake ankaperekera zakudya m'nyumba yodyera alendo. Ali ndi zaka 13 adachoka pakhomo kupita ku Bordighera, kutali m'mbali mwa nyanja, kukaphunzira kwa mphunzitsi wotchuka Riccardo Piatti. Alcaraz ndi wa ku El Palmar m'chigawo cha Murcia, ndipo bambo ake ankayang'anira maphunziro a tenesi pa kalabu ya kwaoko. Onse awiri si ana a anthu olemera kwambiri, koma onse awiri adapeza bwalo, rakete ndi mphunzitsi adakali aang'ono. Mfundo imeneyi tiisunge, tiibwerera kumapeto.

Amayi anayi, zikho zinayi

Kumbali ya amayi zinthu zidasiyana, pakuti chikho chilichonse chidapita kwa munthu wake. Ku Melbourne adapambana ndi Madison Keys wa ku America, wa zaka 29, amene adagonjetsa Aryna Sabalenka wa ku Belarus 6-3, 2-6, 7-5. Keys adafikapo mu ndime yomaliza ku New York mu 2017 nagonja, ndipo adadikira zaka zoposa zisanu ndi ziwiri kuti mwayi wotere ubwerenso. Ku Paris, Coco Gauff wa ku America, wa zaka 21, adagonjetsa Sabalenka yemweyo 6-7, 6-2, 6-4 pa tsiku la mphepo yambiri.

Ku Wimbledon kudachitika zimene anthu sadzaiwala msanga. Iga Swiatek wa ku Poland adagonjetsa Amanda Anisimova wa ku America 6-0, 6-0 m'mphindi 57 zokha. Mtsikanayo sadapate ndi gemu imodzi yomwe, ndipo chigonjetso chotere mu ndime yomaliza ya Wimbledon chidaonekapo komaliza mu 1911. Anisimova adalira pamaso pa anthu. Ameneyu ndi munthu amene bambo ake adamwalira mu 2019 iye ali ndi zaka 17, ndipo mu 2023 adaleka kusewera kwa miyezi ingapo ponena kuti maganizo adamtopetsa. Ena akadabisala ndi manyazi. Iye, pasanathe miyezi iwiri, adakumananso ndi Swiatek ku New York namgonjetsa, mpaka adafikanso mu ndime yomaliza. Kumeneko adagonja kwa Sabalenka 6-3, 7-6, ndipo Sabalenka, amene adali atagonja kawiri mu ndime yomaliza chaka chomwecho, adatseka chaka ali pa mpando woyamba.

Makina adalanda ntchito ya oyang'ana mizere

Tsopano tibwerere ku nkhani ya mzere ija. Kwa zaka zambiri ku Wimbledon kunkaima anthu ovala bwino m'mbali mwa bwalo, ntchito yao kuyang'anitsitsa pomwe mpira wagwera ndi kufuula ukagwera kunja. Mu 2025 anthuwa adachotsedwa koyamba m'mbiri ya mpikisanowu, ndipo ntchito yao adaipereka kwa makamera ndi kompyuta. Ku Melbourne ndi ku New York adali atachita kale zimenezi, ndipo Paris yekha ndiye adasungabe anthu chaka chimenecho. Makina saopa nkhope ya munthu. Woweruza angathe kunjenjemera akaona kuti amene akumtsutsa ndi katswiri wotchuka, koma kamera sidziwa dzina la wosewera.

Ngakhale zili choncho, makina nawo amayendetsedwa ndi anthu. Pa masewero a pakati pa Sonay Kartal wa ku Britain ndi Anastasia Pavlyuchenkova wa ku Russia, wina adazimitsa makinawo mwangozi, mpira wa Kartal udagwera kunja koma panalibe mawu ochenjeza, ndipo woweruza adalamula kuti pointiyo ibwerezedwe. Akuluakulu a mpikisano adapepesa. Tiona apa kuti pa nkhani ya mpira umodzi wogwera kunja, aliyense adavomereza msanga kuti palakwika. Pa milandu ya kunja kwa bwalo kuvomerezana kotere kudavuta.

Mlandu wa mankhwala oletsedwa

Mu Malichi 2024, pa nthawi ya mpikisano wa ku Indian Wells ku America ndiponso utangotha kumene, m'mkodzo wa Sinner mudapezeka kawiri mankhwala oletsedwa otchedwa clostebol, a m'gulu la mankhwala olimbitsa minofu. Mlingo wake udali wochepetsetsa. Iye adafotokoza kuti munthu amene ankamsisita thupi adadzicheka chala, nathira mankhwala ogula kusitolo ya mankhwala okhala ndi clostebol, kenaka namsisita ndi manja opanda chovala. Maloya ake adachita apilo mwachangu, kotero kuti chiletso choyembekezera mlandu chidachotsedwa m'masiku ochepa ndipo iye adapitiriza kusewera. Anthu sadadziwe kanthu mpaka mu Ogasiti 2024, pamene bwalo loyima palokha lidagamula kuti analibe cholakwa, koma lidamlanda ndalama ndi mapointi a mpikisano umodziwo.

Bungwe la padziko lonse lolimbana ndi mankhwala m'masewero, WADA, silidakhutire, ndipo lidakasuma ku bwalo lalikulu la milandu ya masewero ku Lausanne, kupempha chiletso cha chaka chimodzi kapena ziwiri. Mlandu usanamvedwe, mu Febuluwale 2025, mbali ziwirizi zidagwirizana za chiletso cha miyezi itatu, kuyambira pa 9 Febuluwale mpaka pa 4 Meyi. WADA idavomereza kuti Sinner sadafune kubera, koma idati wosewera amayankha pa kusasamala kwa antchito ake. Tikayang'ana kalendala, chiletsocho chidayamba chikho cha ku Melbourne chili kale m'manja, ndipo chidatha mpikisano wa kwao ku Rome ndi wa ku Paris isanayambe. Sadaphonye ndi mpikisano waukulu umodzi womwe.

Nayenso Swiatek adapezeka ndi mankhwala oletsedwa otchedwa trimetazidine mu Ogasiti 2024. Adasonyeza umboni wakuti adali m'mapiritsi othandiza kugona amene adaipitsidwa popangidwa, ndipo adalandira chiletso cha mwezi umodzi. Motero onse awiri amene adanyamula zikho za Wimbledon mu 2025 adali atangochoka kumene pa chilango.

Tsono tiyerekeze ndi Tara Moore wa ku Britain, wosewera wa awiriawiri amene dzina lake silidziwika kwambiri. Iye adapezeka ndi mankhwala oletsedwa mu 2022 pa mpikisano wa ku Bogotá m'dziko la Colombia, ndipo adati zidachokera m'nyama imene adadya kumeneko. Adakhala miyezi 19 osaloledwa kusewera akudikira mlandu. Mu Disembala 2023 bwalo lidamupeza wosalakwa, koma mu Julayi 2025, mwezi womwewo wa Wimbledon, bwalo la ku Lausanne lidasintha chigamulocho ndi kumpatsa chiletso cha zaka zinayi, ponena kuti sadatsimikize bwino gwero la mankhwalawo. Nayenso Simona Halep wa ku Romania, amene adakhalapo pa mpando woyamba, adaletsedwa zaka zinayi mu 2023, ndipo pamene chilangocho chinkachepetsedwa kukhala miyezi isanu ndi inayi mu Malichi 2024, adali atakhala kale kunja nthawi yoposa pamenepo. Adapuma mu Febuluwale 2025.

Tisafulumire kunena kuti milandu yonseyi ndi yofanana, chifukwa mankhwala ake adali osiyana, mlingo wosiyana, umboni wosiyananso. Palibe bwalo limene lidapeza kuti Sinner kapena Swiatek adabera dala. Koma pali chinthu chimodzi choonekeratu. Lamulo limati wosewera asonyeze yekha kumene mankhwala achokera, ndipo asonyeze msanga. Kuti atero amafunika maloya odziwa ntchito, akatswiri a sayansi ndi ndalama zoyezetsera zinthu. Amene amapata mamiliyoni angathe kusonkhanitsa zonsezi m'masiku owerengeka, pamene wa pa nambala 300 angagulitse zonse ali nazo osakwanitsabe. Djokovic yemwe adanena poyera mu Febuluwale 2025 kuti osewera ambiri akuona ngati pali kukondera. Makolo athu adati galu wa mfumu ndi mfumu ya agalu. Aliyense amene adaonapo mlandu wa malire a munda pakati pa munthu wodziwa kulemba makalata ndi mayi wamasiye wopanda womulankhulira, akudziwa kuti lamulo lingakhale limodzi koma anthu osafika pabwalo ndi mphamvu zofanana.

Ndalama zili pamwamba pokha

Ku US Open wa 2025 wopambana aliyense, mwamuna ndi mkazi yemwe, adalandira madola mamiliyoni 5, amene pa mtengo wa chaka chimenecho ndi ndalama zoposa mamiliyoni 300 a metikali. Ku Wimbledon opambana adalandira mapaundi mamiliyoni 3 aliyense. Ngakhale wogonja pa masewero oyamba enieni ku New York adabwerera kwao ndi madola 110,000. Ndi chinthu choyamikirika kuti amayi ndi amuna amalandira mofanana pa mipikisano inayiyi. New York adayamba zimenezi mu 1973, ndipo Wimbledon adatsatira mochedwa mu 2007.

Koma wosewera tenesi sali ngati wosewera mpira wa miyendo amene timu imamlipira pamwezi, kumnyamula ndi kumgoneka. Iye amadzilipirira yekha ndege, malo ogona, mphunzitsi ndi chithandizo cha kuchipatala, ndipo akavulala salandira kanthu. Amene amalowa mwachindunji pa mipikisano inayi ija ndi ongopitirira pang'ono 100 oyamba pa mndandanda. Pa mipikisano ya pansi penipeni, kumene aliyense amayambira, ndalama zonse zogawana osewera onse mu 2025 zidali madola 15,000, kotero kuti ambiri amabwerako ataononga zoposa zimene apata. Chimenechi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene bungwe la osewera la PTPA, limene Djokovic ndi Vasek Pospisil adaliyambitsa mu 2020, lidasumira mabungwe oyendetsa tenesi mu Malichi 2025.

Kodi a pansiwo satha kusewera? Chaka chomwecho chidayankha. Loïs Boisson wa ku France adali pa nambala 361, adalowa mpikisano wa ku Paris pa chiitano chapadera, ndipo adafika mu ndime ya anayi otsiriza atagonjetsa akatswiri awiri a mwa khumi oyamba. M'masabata awiri adapata ndalama zoposa zonse zimene adapeza chiyambire kusewera. Mu Okutobala, Valentin Vacherot wa ku Monaco, wa pa nambala 204, adatenga chikho cha mpikisano wa ku Shanghai atagonjetsa Djokovic, kenaka msuweni wake weniweni Arthur Rinderknech mu ndime yomaliza. Luso lilipo pansipo, chosowa ndi khomo lolowera. Ndipo tidziwe kuti ziitano zapadera ngati cha Boisson amapereka ndi eni mpikisano, makamaka kwa ana a kwao. Mipikisano inayi ija ili ku Australia, France, Britain ndi America, ndipo mwa inayiyi palibe umene uli mu Africa.

Nanga Africa ali kuti?

Kuyambira pamene Johan Kriek wa ku South Africa adapambana ku Melbourne mu 1981 mpaka kumapeto kwa 2025, palibe wosewera woyimira dziko la mu Africa amene adatengapo chimodzi mwa zikho zinayizi pa masewero a mmodzimmodzi. Kevin Anderson wa ku South Africa adafika mu ndime yomaliza mu 2017 ndi 2018. Ons Jabeur wa ku Tunisia adafika katatu, ku Wimbledon mu 2022 ndi 2023 ndi ku New York mu 2022, koma mu Julayi 2025 adalengeza kuti akuyamba wapuma kaye.

Ana a makolo ochokera mu Africa akupezeka ndithu pamwamba, koma atanyamula mbendera za maiko ena. Victoria Mboko, amene makolo ake adachokera ku Congo ya Kinshasa, adayamba chaka cha 2025 ali kuseri kwa nambala 300, ndipo mu Ogasiti, ali ndi zaka 18, adatenga chikho cha ku Montreal m'dzina la Canada atagonjetsa amayi anayi amene adatengapo kale zikho zikuluzikulu. Félix Auger-Aliassime, amene bambo ake ndi a ku Togo, adafika mu ndime ya anayi otsiriza ku New York, nayenso m'dzina la Canada. Magazi ndi omwewa, chasintha ndi malo amene mwana wakulira.

Umboni wina uli pafupi nafe, kutsidya kwa malire a chigawo chathu cha Tete. Ku Harare, bambo wina wotchedwa Don Black, amene adasewerapo ku Wimbledon m'zaka za m'ma 1950, adalambula mabwalo a kapinga pakhomo pake naphunzitsa ana ake atatu. Byron adatenga chikho cha awiriawiri ku Paris mu 1994. Wayne adatenga cha ku New York mu 2001 ndi cha ku Melbourne mu 2005 pamodzi ndi Kevin Ullyett. Mlongo wao Cara adatenga zikho khumi za awiriawiri. Mu 1998 Byron ndi Wayne adagonjetsa Australia kwao komweko pa mpikisano wa maiko wa Davis Cup. Banja limeneli lidali ndi malo ndi chuma chimene anthu ambiri a ku Zimbabwe analibe, koma nkhani yao ikusonyeza chimene bwalo limodzi ndi mphunzitsi mmodzi angachite mwana akayamba msanga.

Kuno ku Moçambique mabwalo odziwika ali ku Jardim Tunduru mu Maputo, kumene kwachitikirapo mipikisano ya maiko ya gulu la pansi. Kuchokera ku Tete kukafika kumeneko ndi mtunda woposa makilomita 1,500. Sitikunama kuti mawa mwana wa ku Dómuè kapena ku Furancungo akasewera ku Wimbledon, ndiponso sitikunena kuti boma lisiye zipatala ndi misewu kuti limange mabwalo a tenesi. Koma tikumbuke za Lurdes Mutola. Mtsikanayu ankasewera mpira wa miyendo ndi anyamata ku Chamanculo pamene malemu a José Craveirinha adamuona ndi kumlimbikitsa kuti ayambe kuthamanga. Adapeza thandizo lokaphunzira ku America mu 1991, ndipo mu 2000 ku Sydney adabweretsa mendulo ya golide ya mamita 800, yoyamba m'mbiri ya dziko lathu. Chimodzimodzi Yannick Noah, amene adapambana ku Paris mu 1983: adamuona ndi Arthur Ashe ku Cameroon mu 1971 ali ndi zaka 11. Bwalo lalikulu la ku New York, limene Alcaraz ndi Sabalenka adanyamulirapo zikho zao, limatchedwa ndi dzina la Ashe yemweyo.

Zotsalira kwa ife

Zikho za 2025 zidapita kwa Sinner, Alcaraz, Keys, Gauff, Swiatek ndi Sabalenka, ndipo palibe angatsutse kuti m'kati mwa mizere anthuwa adasewera kuposa anzao. Funso limene chakachi chidasiyira akuluakulu a tenesi ndi lakuti, ngati adakwanitsa kuika makamera kuti mpira wa katswiri ndi wa mlendo uyezedwe mofanana, adzakwanitsa liti kuchita chimodzimodzi pa milandu ndi pa kagawidwe ka ndalama? Yankho la funso limeneli lili kwa iwo.

Gawo lathu ndi laling'ono koma lilipo. M'mera mpoyamba. Pafupifupi aliyense mwa akatswiri tawatchulawa adayamba adakali mwana, ndipo aliyense adali ndi munthu wamkulu amene adamuona ndi kumtsegulira njira. Aphunzitsi a m'sukulu zathu, mafumu ndi akuluakulu a m'madistrito, tetezani mabwalo a masewero a ana kuti asasanduke minda kapena malo omangapo misika. Makolo, mtsikana akafuna kuthamanga kapena kusewera mpira musamuuze kuti malo ake ndi kumtondo kokha. Ndipo mukaona mwana waluso pa masewero alionse, kanenereni kwa oyang'anira zamasewero ku distrito, mulembetse dzina lake, ndi kubwererakonso kukafunsa ngati kwakhala chete.